Nambala ikufika pa 2 chikepe chikadali pansi, ndithandizeni pa ladder logic

wa_pa_Sadzi
Moni akuluakulu nonse a pa gulu lino. Ndine mtsikana wophunzira zamagetsi, ndipo pulojekiti yanga yomaliza ndi pulogalamu yoyendetsa chikepe cha nyumba ya nsanjika zinayi: pansi, 1, 2 ndi 3. Ndikulemba mu ladder logic, njira yolembera pulogalamu m'mizere (ma rung) yooneka ngati makwerero, pa CODESYS, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kuyesera mapulogalamu a PLC, kakompyuta koyendetsa makina. PLC yogwirika ndilibe, ndiye ndikuyesera pa simulation, masensa n'kumawayatsa ndekha ndi mouse.

Zinthu ziwiri zandiimitsa. Choyamba, chikepe chikakhala pansi ine n'kudina batani la 2, nambala yosonyeza nsanjika ikuthamanga n'kufika pa 2 nthawi yomweyo, mota n'kuzima, nyali ya batani n'kuzimanso, pomwe sensa ya nsanjika 1 sindinaikhudze n'komwe. Chachiwiri, chikepe chikafika chitseko chikukana kutseguka, koma ndikadina batani lotsegulira la m'kati chikutseguka bwinobwino. Ndiyambire pati?

scan10ms
Achemwali, nambala ya nsanjikayo mukuipeza bwanji? Tiuzeni rung imeneyo mmene mwailembera.

wa_pa_Sadzi
Masensa onse anayi ndawaika m'nthambi zinayi pa rung imodzi, kenako contact ya KWERA (output yokweza chikepe), kenako ADD yowonjezera 1 pa MALO, nambala ya nsanjika ija. Potsika n'chimodzimodzi, koma ndi TSIKA ndi SUB.

scan10ms
Vuto loyamba lagona pomwepo. PLC siwerenga rung kamodzi n'kupuma. Imawerenga ma input onse, n'kuyenda pa ma rung kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulemba ma output, kenako n'kuyambiranso, ndipo ulendo umodzi wotere, umene timautcha scan, umatha m'kanthawi kochepa zedi. Tiyerekeze kuti scan yanu ndi ya 10 ms. Mukadina 2, KWERA ikuyaka chikepe chisanasunthe, sensa ya pansi ikadali yoyaka. Rung yanu ikuona kuti sensa ilipo, KWERA ilipo, ADD n'kuwonjezera 1. Scan yotsatira palibe chasintha, ikuwonjezeranso 1. Pomatha 20 ms MALO yafika kale pa 2, pulogalamu n'kukhulupirira kuti ulendo watha. ADD simadikira kuti china chake chisinthe, imagwira ntchito pa scan iliyonse malinga rung ili yamoyo. Ndi maso simungazione. Pitani pa Debug, pali Single Cycle, muzidina kamodzikamodzi muone MALO ikukwera yokha.

fyuzi13
Ikani R_TRIG, imene imayaka kwa scan imodzi yokha chinthu chikangoyaka, patsogolo pa ADD, nkhani yatha.

scan10ms
Tisafulumire achimwene, zikudalira pamene mwaiika. Mukaiika pambuyo pa sensa ndi KWERA zonse pamodzi, idzaona kusintha panthawi imene KWERA yayaka, chikepe chisananyamuke, ndiye pa ulendo uliwonse muziwerenga nsanjika imodzi yabodza. R_TRIG iziyang'ana sensa yokha, KWERA kapena TSIKA ibwere pambuyo pake.

Madala_Relay
Ana anga, funso langa n'lakuti mukuwerengeranji? Mwana wanga wa pa Sadzi, wanena kuti uli ndi sensa pa nsanjika iliyonse. Ndiye sensa ya 2 ikayaka, ika MOVE ilembe 2 mu MALO. Ya 3 ikayaka ilembe 3. Ma rung anayi basi, ndipo MOVE ikabwereza kulemba 2 pa scan iliyonse palibe chimene chikuwonongeka. Kuwerenga kuli ndi vuto lakuti ukaphonya kamodzi, cholakwikacho chimakutsata mpaka madzulo, pomwe sensa imakuuza zoona nthawi iliyonse imene chikepe chaidutsa. Ine zikepe ndazigwira ku Blantyre ndi ku Johannesburg kuyambira nthawi imene kabati yonse inali ma relay okhaokha, ndipo chimene ndinaphunzira msanga n'chakuti malo a chikepe uwafunse ku chitsulo ngati njira ilipo.

mmisiri_wa_Matawale
Madala, ndikugwirizana nanu pa pulojekiti iyi, koma mwanayu asachoke pano akuganiza kuti kuwerenga n'kulakwa. Zikepe zambiri zenizeni zimawerenga ndithu. Sensa imakhala pa chikepe chenichenicho, m'dzenje moyendamo chikepe n'kuikamo timaginito kapena tizitsulo pa nsanjika iliyonse, ndipo zina zimagwiritsa ntchito encoder ya pa mota. Nyumba ya nsanjika 20 simungakokere waya wa sensa iliyonse ku input yakeyake. Chimene amachita n'kuika masiwichi pamwamba penipeni ndi pansi penipeni okonza nambala ikasokonekera.

Madala_Relay
Zoona achimwene, ndipo masiwichi amenewo ndi amene akutsimikizira zimene ndanena. Koma pa nsanjika zinayi MOVE ikukwana.

wa_pa_Sadzi
Ndaika MOVE zinayi, nambala yakhazikika. Zikomo kwambiri madala. Ndinayesanso Single Cycle ndisanafufute ADD ija ndipo ndaziona ndi maso anga mmene imakwerera. Tsopano chitseko.

choko_ndi_bolodi
Chemwali, dzina la output ya chitseko likupezeka pa ma coil angati (malo a kumapeto kwa rung olembera output) mu pulogalamu yonse? Tsegulani Cross Reference List, lembani dzinalo, muone pamene pali ponse likulembedwa.

wa_pa_Sadzi
Awiri aphunzitsi. Rung ina ndi ya chikepe chikafika, ina ili m'munsi ndi ya batani la m'kati.

choko_ndi_bolodi
Ndimayembekezera zimenezo, chifukwa ophunzira anga ambiri amagwa pamenepa chaka ndi chaka. Munthu amaganiza kuti ma rung awiri olembera coil imodzi ndiye kuti iyi kapena iyo. PLC siganiza choncho. Rung yapamwamba ikulemba 1 chifukwa chikepe chafika. Scan ikutsika, ikufika pa rung ya batani, batani silinadinidwe, ndiye ikulemba 0 pamwamba pa 1 uja. Ikamafika nthawi yotumiza ma output kunja, chimene chatsala ndi 0. Rung yomaliza kulemba ndi imene imapambana, n'chifukwa chake batani likugwira koma kufika sikukugwira. Chosokoneza kwambiri n'chakuti pa sikirini rung yapamwambayo imatha kuoneka yamoyo mpaka pafupi ndi coil, munthu n'kumalumbira kuti zonse zili bwino.

Lamulo limene ndimapatsa ophunzira ndi ili: output iliyonse ikhale ndi coil imodzi, pamalo amodzi. Zifukwa zonse zotsegulira chitseko zikhale nthambi za rung imodziyo, ndipo zifukwa zoletsa, monga mota ikuyenda kapena chikepe sichili pa nsanjika, zikhale pambuyo pa nthambi zonsezo kuti pasakhale njira yozilambalala.

wa_pa_Sadzi
Ndaphatikiza ma rung awiriwo. Tsopano chikutseguka koma kakungothwanima kamodzi n'kutsekanso, timer siikufika n'komwe pa masekondi asanu amene ndaika.

scan10ms
Timer yanu ndi TON, ija yodikira nthawi ikwane isanayatse output yake? Ndipo chikuiyatsa n'chiyani?

wa_pa_Sadzi
Ndi TON. Ikuyaka ngati pali pempho la nsanjika imene chikepe chili.

scan10ms
Ndiye pempho lija mukulifufuta chikepe chikangofika, ndipo TON input yake ikazima imabwerera pa ziro nthawi yomweyo. Pangani bit ina (malo osunga 1 kapena 0), tinene kuti TSEGULA, imene idzigwira yokha ndi contact yake chikepe chikafika pa nsanjika yopemphedwa. Timer iziyatsidwa ndi TSEGULA, ndipo Q, output ya timer, ndi imene izimasula TSEGULA. Onetsetsaninso kuti rung yoyatsa TSEGULA ili pamwamba pa rung yofufuta pempho. Mukazisinthanitsa, pempho lifufutika TSEGULA isanalione, chitseko osatseguka.

Thondwe_Boy
Pepani ndilowerere. CODESYS imeneyi mukuitenga kuti? Kusukulu kwathu kuli PLC imodzi kalasi yonse, ndipo pamene munthu ukuti uigwire nthawi yatha. Laputopu yanga ndi yakale, TIA Portal, pulogalamu yolembera ma PLC a Siemens, inakana n'kulowa komwe.

fyuzi13
CODESYS imatsitsidwa mwaulere pa tsamba lawo ukalembetsa, koma fayilo yake ndi yaikulu, bandulo ya foni imatha. Pezani pamene pali wifi kapena mukope kwa amene ali nayo kale. Ngati laputopu ndi yofooka yesani OpenPLC, ndi yaulere ndi yopepuka, ndipo pulogalamu yake imatha kulowa pa Arduino kapena Raspberry Pi. TIA Portal imafuna makina amphamvu, komanso si yaulere.

mmisiri_wa_Matawale
Kulinso LogixPro imene imatsanzira RSLogix 500 ya Allen-Bradley, mkati mwake muli chikepe cha nsanjika zinayi chojambulidwa kale, chimayenda pa sikirini. Ndi yogula koma yophunzirira bwino. Musade nkhawa kuti mukaphunzira ina mudzasowa pogwira pa ina. Mayina ndi amene amasiyana, R_TRIG kuno ndi one-shot kumeneko, koma maganizo ndi amodzi. Muyezo wa IEC 61131-3, umene unatuluka koyamba mu 1993, ndi umene CODESYS ndi OpenPLC zimatsata.

Thondwe_Boy
Nanga ntchito yake ilipo kuno? Chifukwa ku Zomba kuno nyumba zazitali n'zowerengeka. Ena akuti bola kuphunzira sola.

mmisiri_wa_Matawale
Musaone chikepe chokha achimwene. Aphunzitsi amachikonda chifukwa muli zonse: kukumbukira pempho, timer, interlock (kutsekereza kuti china chisayake pomwe china chayaka), kusankha mbali. Zomwezo muzazipeza pa mapampu a madzi, pa malamba onyamula katundu m'mafakitale a shuga ndi tiyi, pa makina othira zakumwa m'mabotolo, ngakhale pa panelo yosinthira magetsi kupita ku jenereta. Amene amatha kuwerenga ladder ya munthu wina n'kupeza pamene yatsamwa sasowa womuitana. Sola phunziraninso, sizilimbana.

wa_pa_Sadzi
Tibwerere kwa ine pang'ono akuluakulu. Chitseko chili bwino tsopano. Koma kuyatsa masensa ndi mouse kukunditopetsa, ndipo ndikuona kuti ndikungoyesa zimene ndikufuna kuti zichitike. Pali njira yoti chikepe chiziyenda chokha?

scan10ms
Ilipo, ndipo kwa ine apa ndi pamene simulation imayambira. Lembani kapulogalamu kachiwiri kapadera, kosakhudzana ndi pulogalamu yoyendetsa, kokhala m'malo mwa chikepe chenicheni. Mukhale nambala yotchedwa UTALI. Pa 100 ms iliyonse, ngati output ya KWERA ili yoyaka wonjezerani 1, ngati TSIKA ili yoyaka chotsani 1. Kenako nenani kuti nsanjika zili pa 0, 100, 200 ndi 300, ndipo sensa ya 1 iziyaka UTALI ikakhala pakati pa 98 ndi 102, ya 2 pakati pa 198 ndi 202, choncho choncho. Ulendo wa nsanjika imodzi uzitenga masekondi 10, nthawi yokwanira kuti mudine mabatani chikepe chili pakati. Chitseko chipangireninso nambala yake, chizitenga masekondi angapo kuti chitseguke kapena kutseka, ndi masiwichi awiri onena kuti chatseguka chonse kapena chatseka chonse.

Chofunika kwambiri n'chakuti pulogalamu yoyendetsa isamaone UTALI ngakhale pang'ono. Izingoona masensa, monga mmene zidzakhalire pa chitsulo. Mu kapulogalamu kachiwirika ikaninso alamu zodzigwira zokha: KWERA ndi TSIKA zikayaka pamodzi, mota ikayenda chitseko chisanatseke, chitseko chikatseguka popanda sensa ya nsanjika, UTALI ikapyola 305 kapena kutsika pansi pa -5. Cholakwika chokhala scan imodzi yokha maso sachiona, koma alamu yodzigwira imachisunga mpaka mutabwera kudzaona.

wa_pa_Sadzi
Ndapanga zimenezi ndipo pompo zatulutsa vuto latsopano. Chikepe chikunyamuka pa 1 kupita pa 3, chili pakati ndikadina batani la 1 chikuima pomwepo, UTALI ili pa 140, ndipo alamu ya chitseko yayaka.

Madala_Relay
Limeneli ndiye vuto lenileni la chikepe, ndipo n'zabwino kuti walipeza pa laputopu. MALO imanena nsanjika yomaliza imene chikepe chinadutsa, sinena kuti chikepe chili pamenepo panopa. Kuchokera pa 1 mpaka kukhudza sensa ya 2, MALO imangonenabe kuti 1. Rung yako yoimitsa ikuti ngati MALO ndi 1 ndipo pali pempho la 1, ima, tsegula. Munthu akanakhala m'katimo chitseko chikanatsegukira khoma, ndipo wa panja akanapeza dzenje.

Pali zinthu zitatu zimene pulogalamu ikuyenera kuzidziwa padera, osaziphatikiza mu bit imodzi: kumene chikepe chili, kumene chikuitanidwa, ndi mbali imene chalunjika. Kuima ndi kutsegula zizidalira sensa yeniyeni yoyaka nthawi yomweyo. MALO igwire ntchito imodzi yokha, yothandiza kudziwa ngati pempho lili pamwamba kapena pansi.

Za mbali yolunjika, ganizira minibasi yonyamuka pa depoti ya Zomba kupita ku Limbe. Ikafika pa Thondwe sitembenuka chifukwa wina waikodola kumbuyo ku Three Miles, imamaliza kaye a kutsogolo. Ndiye panga bit ya PEMPHO_PAMWAMBA, iyake ngati pali pempho la nsanjika yoposa MALO, ndi ina ya PEMPHO_PANSI. MBALI_KWERA iyake pakakhala PEMPHO_PAMWAMBA ndipo MBALI_TSIKA ili yozima. MBALI_TSIKA iyake pakakhala PEMPHO_PANSI ndipo MBALI_KWERA ili yozima. Imene yayamba kuyaka imatsekereza inzake mpaka mapempho a mbali yake atha. Mbali imeneyi isazime chikepe chikaima kutsitsa anthu panjira, n'chifukwa chake si bit yomweyo ndi output ya mota. Mota iyake pokhapokha mbali ilipo, chitseko chatseka, ndipo palibe chifukwa choimira pa nsanjika imene chili.

fyuzi13
Madala, nanga chikepe chili phee pa 1, wina wadina 3 wina pansi pa scan imodzi yomweyo?

Madala_Relay
Rung imene ili pamwamba ndi imene ipambane. Ngati MBALI_KWERA yalembedwa poyamba, chikwera. Palibe vuto, bola udziwe kuti unasankha ndiwe.

scan10ms
Njira ya madala imagwira, koma ine ndikanalangiza zina. Pulogalamu ya ma bit otsekerezana ikamakula imavuta kuitsata, ukakhudza apa kwina kumagwa. Khalani ndi nambala imodzi yotchedwa GAWO: 0 chikudikira, 10 chikutseka chitseko, 20 chikukwera, 30 chikutsika, 40 chikutsegula, 50 chitseko chili chotsegula, 90 pali vuto. Rung iliyonse izinena kuti ngati tili mu gawo ili ndipo chakuti chachitika, pita gawo lakuti. Ma output onse akhale kumapeto, KWERA iziyaka GAWO ikakhala 20 basi. Nambala imodzi singakhale 20 ndi 30 nthawi imodzi. Chikepe chikatsamwa mumangoyang'ana GAWO n'kudziwa chimene chikudikira.

Madala_Relay
Sindikukana mwana wanga. Koma kumbukira amene adzaitanidwe usiku chikepe chitaima. Ladder inapangidwa kuti mmisiri wozolowera mapepala a ma relay aziiwerenga osavutika. PLC yoyamba inabwera chifukwa General Motors mu 1968 inkafuna chinthu cholowa m'malo mwa makabati a ma relay, ndipo Modicon 084 inatuluka pamenepo. Mmisiri amatsata mzere kuchokera kumanzere mpaka kupeza contact imene yakana. Ukamudzazira manambala amasowa poyambira.

choko_ndi_bolodi
Ine monga woyesa mayeso ndimalandira zonse ziwiri, koma ndinene chimodzi pa njira ya GAWO. Ma rung ake akatsatana, scan imodzi ikhoza kuchoka pa 0 kupita pa 10 n'kupitiriranso pa 20 ma output asanaone n'komwe kuti panali 10. Lembani mu GAWO_LOTSATIRA, ndipo pa rung yomaliza ndi pamene muzikopera ku GAWO. Ndipo madala, mmisiri wa usikuyo amathandizika ngati gawo lililonse lili ndi ndemanga yolembedwa bwino. Chimene sindilandira ndi kusakaniza njira ziwirizi mu pulogalamu imodzi.

mayi_wa_ku_Chikanda
Ine za ma rung sindizidziwa, ndili pa gulu lino chifukwa cha mwamuna wanga, koma ndawerenga kuti chitseko mwachiikira masekondi asanu. Mwana wanga amayenda pa njinga ya olumala. Tikapita naye ku Blantyre kumene kuli zikepe, chimene chimatisautsa ndi chitseko. Anthu oyenda ndi miyendo amatuluka kaye, ine n'kutembenuza njinga, pamene tayala lakutsogolo likuti lilowe chitseko chayamba kale kutseka. Mwanayo amachita mantha. Chinanso, chikepe chikaima mokwera pang'ono kuposa pansi pa nyumba, ngakhale pang'ono pokha, tayala laling'ono lija limakodwa. Mwana wanga wa pa Sadzi, uziganizireko zimenezi.

wa_pa_Sadzi
Zikomo amayi, mwandithandiza. Ndiwonjezera input ya kuwala kodutsa pakhomo kuti chinthu chikatchinga chitseko chibwerere.

mmisiri_wa_Matawale
Amayi anena zoona zokhazokha. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 81-70, wokhudza kuti olumala azitha kugwiritsa ntchito zikepe, umafuna kuti nthawi imeneyi izitheka kusinthidwa pakati pa masekondi 2 ndi 20. Choncho isakhale nambala yokhomera mu timer, ikhale yoti mwini nyumba angasinthe. Kuwala kukatchingidwa timer iyambirenso pa ziro, osati kupitiriza pamene inalekera. Ndipo potembenuza mota ya chitseko, kuchoka kotseka kupita kotsegula, siyani kanthawi kochepa pakati.

Za kuima molingana ndi pansi, pa chikepe chenicheni pamakhala masensa ena patsogolo pa nsanjika ouza drive kuti ichepetse liwiro, chikepe n'kufika chikukwawa. Mukhoza kuziyesa mu UTALI yanu: liwiro lalikulu liziwonjezera 4, laling'ono 1, ndiye muone chimene chimachitika mukafika pa sensa ya nsanjika ndi liwiro lalikulu.

Madala_Relay
Ndisanagone ndinene chimene chili pamtima panga, makamaka kwa achinyamata amene mukuwerenga mwakachetechete. Zonse takambazi ndi za dongosolo la ulendo. Moyo wa munthu sukhala mu ladder ya PLC wamba. Pa chikepe chonyamula anthu pali mzere wa chitetezo wa mawaya enieni: maloko a zitseko za nsanjika zonse, siwichi ya chitseko cha chikepe, masiwichi omaliza a pamwamba ndi pansi, siwichi ya governor yoona liwiro, batani loimitsa la m'dzenje ndi la padenga la chikepe. Zonsezi zimalumikizidwa motsatana, ndipo chimodzi chikatseguka ma contactor (masiwichi aakulu oyatsidwa ndi magetsi) a mota ndi buleki amataya magetsi, PLC ifune isafune. Buleki imagwira ndi masipuling'i, magetsi ndi amene amaimasula, ndiye magetsi akazima imagwira yokha. Chikepe chikathamanga mopyola muyezo, governor imakoka zitsulo zoluma njanji, ndipo maganizo a zitsulo zogwira chikepe kuti chisagwe ndi amene Elisha Otis anaonetsa anthu ku New York mu 1854. Ku Ulaya malamulo ake analembedwa mu EN 81-20 ndi EN 81-50.

Ma contactor a kukwera ndi kutsika akhalenso ndi interlock yawoyawo ya waya ndi ya chitsulo, chifukwa contactor ikhoza kumatirira ngakhale PLC yazimitsa output. PLC imangowerenga mzere wa chitetezo kuti idziwe chifukwa chimene chikepe chaimira. Pulojekiti yako ikhale ya pa laputopu kapena ya kachikepe ka pa tebulo. Munthu asakuuze kuti uike pulogalamu imeneyi pa chonyamula anthu, ngakhale atalipira bwanji.

Thondwe_Boy
Madala, batani loimitsa limandisokoneza. Pa pepala ndi NC, lodutsa magetsi likakhala losadinidwa, koma ndikaika contact ya NC mu ladder makina sayaka.

choko_ndi_bolodi
Chifukwa batani la NC likakhala losadinidwa magetsi amadutsa, input ya PLC imakhala 1. Mu ladder mukufuna kuti rung ikhale yamoyo input ikakhala 1, ndiye muike contact ya NO. Contact ya mu pulogalamu imangofunsa ngati bit ili 1 kapena 0, sidziwa mtundu wa batani. Timalumikiza NC dala kuti waya akaduka, kapena makoswe akamudya, makina aime okha. Pa simulation kumbukirani kuyamba ndi input imeneyo ili pa 1.

fyuzi13
Palibe amene wakamba za kuzima kwa magetsi, pomwe kuno ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, makamaka mvula ya ziphaliwali ikayamba kutsika m'phirimu. Magetsi azima chikepe chili pakati pa 1 ndi 2, abwera, MALO yabwerera pa 0. Kenako? Ine ndikuti MALO ikhale RETAIN, yosafufutika magetsi akazima.

mmisiri_wa_Matawale
RETAIN yokha siyokwanira achimwene. Magetsi akazima anthu ali m'kati, mmisiri amazimitsa siwichi yaikulu, n'kumasula buleki ndi dzanja kuti chikepe chifike pa nsanjika yapafupi anthu atuluke. PLC inali yozima, sinaone chilichonse, ndiye ikadzuka ikukumbukira malo akale. Pa scan yoyamba pulogalamu ifufute mapempho onse n'kufunsa ngati pali sensa ya nsanjika yoyaka. Ngati ilipo, MALO yadziwika. Ngati palibe, itsimikize kuti zitseko zatseka, itsike pa liwiro laling'ono mpaka ikhudze sensa, ndipo isalandire pempho lililonse isanatero. Pa Allen-Bradley za SLC 500 bit ya scan yoyamba ndi S:1/15, pa Siemens pali OB100, pa CODESYS mumangopanga bit yoyamba ili TRUE n'kuizimitsa pa rung yomaliza.

Chinanso chimene simulation singakuonetseni ndi ma phase. Akakonza mawaya kapena akasinthira ku jenereta, ma phase awiri akasinthana, mota yolumikizidwa ndi ma contactor imazungulira chobwerera. PLC ikuti kwera, chikepe chikutsika. N'chifukwa chake pamakhala relay yoona dongosolo la ma phase. Mu pulogalamu ikaninso timer yoti mota ikayenda nthawi yopyola ulendo wa nsanjika imodzi osaona sensa yatsopano, zonse ziime.

wa_pa_Sadzi
Ndasankha njira ya GAWO, koma mbali ndikuisankha ndi ma bit a madala. Aphunzitsi, kodi kumeneku si kusakaniza kumene mwakana? Zambiri zikuyenda: ndadina mabatani onse chikepe chili pakati, ndatchinga chitseko, ndachita Reset chili pa UTALI 150, alamu sizinayake. Chatsala chimodzi. Chikukwera kuchoka pa 1 kupita pa 2, ndikudina batani loimitsa, mapempho akufufutika, ndikumasula batani n'kudina 1. Chikungokhala chete.

choko_ndi_bolodi
Si kusakaniza, malinga ma bit a mbali akungouza GAWO kopita ndipo sakukhudza ma output okha.

scan10ms
MALO ndi 1, pempho ndi 1, ndiye silili pamwamba, silili pansi, ndipo sensa ya 1 ndi yozima. Palibe rung imene ikuliona. Njira yachidule ndi yoti mukatuluka mu gawo 90 popanda sensa yoyaka, muzidutsira gawo lija lofufuza nsanjika limene mwapangira kuzima kwa magetsi. Chitsika pang'onopang'ono, chipeza 1, kenako n'kuyamba kulandira mapempho.

Madala_Relay
Koma chisanyamuke chokha batani loimitsa likangomasulidwa. Amene anadina anali ndi chifukwa. Chidikire batani la reset.

wa_pa_Sadzi
Ndaika reset, chikutsika n'kupeza 1. Aphunzitsi athu avomera kuti ndipange kachikepe ka matabwa ndi mota yaing'ono ya 12 V kuti ndidzaonetse. Masiwichi ang'onoang'ono a limit ndingawapeze kuti kuno?

mmisiri_wa_Matawale
Musavutike kugula, amakhala m'zitseko za ma microwave akufa, ndipo amene amakonza zamagetsi pafupi ndi msika waukulu amakhala nawo. Ine ndili ndi ka PLC kakang'ono ndi ma relay a 24 V amene sindikugwiritsa ntchito panopa. Bwerani Loweruka m'mawa ndi mnzanu wa ku Thondwe uja, ndikutumizirani malo ku inbox. Musanabwere onani ngati palibe bit imene munaisiya pa Force, chifukwa F7 imakakamiza mpaka mutaichotsa nokha, pomwe Ctrl+F7 imangolemba kamodzi. Siwichi yachitsulo imadumphadumpha ikamagunda, ndiye tidzaona ngati pafunika timer yaifupi pa sensa iliyonse.

Thondwe_Boy
Ndibwera bwana. Nditenga malitimita ndi mawaya.